Kuyeretsa dziwe la pa bwalo la gofu ndi mabakiteriya: yambani ndi nsungwi, chidebe chibwere pambuyo

Ikafika Okutobala, woyang'anira bwalo la gofu sachita kuuzidwa kuti dziwe lake lothirira ladwala. Fungo la mazira oola limamulonjera akadali patali, ndere zayala pamwamba pa madzi, ndipo anyamata amathera m'mawa wonse akutokosa timabowo ta masipirinkala ndi waya. Madzi omwewo akathiriridwa usiku amasiya kapinga wa pa magirini atachita chikasu, ndipo mukakumba ndi mpeni mumapeza mzere wakuda wonunkha kunsi kwa mizu. Nthawi ngati imeneyi m'pamene wamalonda amatulukira ndi chidebe cha ufa, n'kukuuzani kuti muli mabakiteriya abwino odya matope.

Sakunama ayi. M'chidebemo kawirikawiri mumakhala mitundu ya Bacillus, monga Bacillus subtilis ndi Bacillus licheniformis, itagona youma ngati mbewu m'nkhokwe. Ikalowa m'madzi imadzuka n'kuyamba kuphwanya masamba, udzu wometedwa, ndere zakufa ndi zitosi za mbalame. Zidebe zina zamadzimadzi zimakhala ndi Nitrosomonas ndi Nitrobacter, amene amasandutsa amoniya kukhala nayitireti. Chimene wamalonda satchula n'chakuti mabakiteriya otere m'dziwe lanu alimo kale, miyandamiyanda. Claude Boyd ndi anzake ku Auburn University, ku Alabama, anayesa kuthira mabakiteriya ogula m'maiwe a nsomba, ndipo kawirikawiri sanapeze kusintha kwenikweni pa ubwino wa madzi. Mabakiteriya ali ngati aganyu: kuwonjezera chiwerengero chawo sikuthandiza ngati alibe mpweya wopuma, kwinaku zinyalala zikulowa m'dziwe kuposa zimene angamalize. N'chifukwa chake pa ndondomeko iyi chidebe chikubwera pa sitepe yachisanu.

Choyamba: dziwani kukula kwa dziwe ndi kuya kwa matope

Mlingo wolembedwa pa chidebe umatengera kukula kwa dziwe, choncho kungoyerekeza ndi maso n'kutaya ndalama. Yezani mulitali ndi mulifupi, kenaka mukwere bwato muyeze kuya pa malo khumi kapena kuposerapo, mupeze kuya kwa pakatikati. Dziwe la mamita 80 mulitali, mamita 50 mulifupi ndi mita 1.5 kuya lili ndi makiyubiki mita 6,000, amene ndi malita 6 miliyoni. Onaninso zimene pampu imakoka. Ngati imatenga makiyubiki mita 600 usiku uliwonse, madzi onse a m'dziwemo amakhala atasinthika pa masiku khumi okha, ndipo zimene mwathira zimatuluka nawo. Apa m'pamene dziwe lothirira limasiyana ndi dziwe longokongoletsa malo.

Matope ayezeni motere. Tengani nsungwi yaitali, mukulunge nsalu yoyera kunsonga kwake kutalika mita imodzi, muimange bwino ndi linya. Ibayeni pang'onopang'ono mpaka igunde pansi polimba, muitulutse mosagwedeza. Pamene pathera kuda pa nsaluyo ndiye kuya kwa matope. Lembani m'kope, ndipo malo aliwonse amene mwayeza muwaike chizindikiro, kaya ndi zikhomo ziwiri zoyang'anizana kumtunda, kuti mudzabwerere pomwepo. Popanda kopeli, pakatha miyezi inayi mudzangotsutsana ndi a komiti ya kalabu, wina ati zasintha, wina ati ayi.

Matopewo muwagwirenso m'manja. Akakhala akuda, oterera ndi onunkha, ndi zinthu zowola, ndipo mabakiteriya angathe kuwachepetsa. Akakhala ofiira kapena a mchenga wokokoloka ndi mvula, palibe bakiteriya amene amadya katondo. Amenewo mankhwala ake ndi fosholo kapena makina okumbira.

Chenjezo kwa aliyense wolowa m'madzi, kuphatikiza anyamata otola mipira: madzi odikha okhala ndi nkhono angathe kukhala ndi likodzo. Avale majombo ndi magolovesi, kapena agwirire ntchito ali m'bwato.

Chachiwiri: yezani madzi, makamaka m'bandakucha

Masana ndere zimatulutsa okosijeni, usiku zimamwa. Mukayeza 2 koloko masana mudzaona ngati zonse zili bwino, pamene dziwe limakomoka dzuwa lisanatuluke. Yezani okosijeni m'bandakucha, pamwamba ndi pansi pomwe. Mukufuna mamiligalamu 5 pa lita kapena kuposa. Akatsika kufika pa 2, nsomba zimayamba kuyasama pamwamba, ndipo pansi pamatsala mabakiteriya osafuna mpweya, amene amatulutsa fungo la mazira oola lija. Madzi ofunda amasunga mpweya wochepa: pa madigiri 20 lita imodzi imasunga mamiligalamu pafupifupi 9, pa madigiri 30 amatsika kufika pa 7.6, ndipo kumalo okwera ngati Lilongwe, komwe ndi mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, amachepanso kuposa apo.

Tumizani madzi ku labotale akayeze pH, amoniya, nayitireti, fosifolasi ndi mchere. Fosifolasi ndiye mwini nkhani. Akangopitirira mamiligalamu pafupifupi 0.03 pa lita ndere zimayamba kuchulukana, ndipo galamu imodzi yokha ingathe kudyetsa ndere zolemera theka la kilogalamu. Mudzipangirenso mbale yoyezera kuyera kwa madzi, yotengera imene Angelo Secchi anayamba kugwiritsa ntchito mu 1865: mbale ya masentimita 20, yopakidwa zoyera ndi zakuda, yomangidwa ku chingwe chokhala ndi zizindikiro. Imizeni mpaka isaonekenso, mulembe kuya kwake sabata iliyonse.

Ndere nazo si zofanana. Pisani ndodo m'madzi. Zikatuluka zikulendewera ngati tsitsi, ndi ndere wamba zimene mungathe kukokolola ndi reki. Ndodo ikatuluka ngati yaviikidwa mu penti wobiriwira, zingakhale cyanobacteria, monga Microcystis, zomwe zina zimatulutsa poizoni woononga chiwindi. Boma la Botswana linanena kuti poizoni wa cyanobacteria ndiye anapha njovu zoposa 300 mu 2020. Mukaona pentiyo, agalu ndi ziweto zisamwe, ndipo musathirire nthawi imene anthu ali pabwalo.

Chachitatu: tsekani khomo limene chakudya chikulowera

Yendani kuzungulira dziwe mvula itangogwa, muone kumene madzi akuchokera. Ndinaonapo pa bwalo lina, amene ankameta kapinga akukhuthula udzu wonse kuseri kwa mabango, m'mphepete mwenimweni mwa dziwe, poti pamenepo osewera sapaona. Mulu umenewo unkawolera m'madzi chaka chonse, kwinaku kalabu ikugula mankhwala a ndere.

Udzu wometedwa ndi masamba zipite kudzenje la manyowa, kutali ndi madzi. Siyani mpanda wa udzu wosameta, mamita atatu kapena asanu m'mbali mwa dziwe, osathirapo feteleza. Kumene madzi amathamanga, dzalani mzere wa vetiva, monga alimi amachitira pa akalozera. Osewera adzadandaula kuti mipira ikusowera m'menemo, koma aloleni adandaule. Musathire feteleza mitambo itachita bii, makamaka mu Novembala pamene mvula yoyamba imatsukira m'dziwe zonse zimene zinaunjikana chilimwe chonse. Namasupuni ndi zomera zina zoyandama muzizichotsa ndi manja zisanafere m'madzi, chifukwa mabakiteriya sapha chomera chamoyo.

Chachinayi: lowetsani mpweya

Ngati ndalama zikukwanira chinthu chimodzi chokha, gulani makina opopera mpweya, chidebe chidikire. Kuti asandutse galamu imodzi ya nayitirojeni wa mu amoniya, mabakiteriya amafuna magalamu pafupifupi 4.6 a okosijeni, osawerengera amene akudya matope. Dziwe likapitirira mamita awiri kuya, madzi amagawikana: ofunda pamwamba, ozizira opanda mpweya pansi. Kasupe wopopera madzi m'mwamba amakongola pa chithunzi, koma amangotakasa pamwamba. Dziwe lakuya limafuna kompuresa kumtunda, ndi mapaipi ofika pa timbale totulutsa thovu pansi penipeni. Kasupe kapena makina otakasa pamwamba amakwanira pa dziwe losaya.

Tsiku loyamba musayatse makina tsiku lonse. Madzi oipa a pansi akakwera nthawi imodzi amapha nsomba, ndipo fungo lake limafika mpaka ku bala ya kalabu. Yatsani mphindi 30 tsiku loyamba, ola limodzi mawa lake, kenaka maola awiri, muzichulukitsa kawiri tsiku lililonse mpaka patatha sabata afike usana ndi usiku. Kumene magetsi amazimazima, dziwani kuti maola ofunika kwambiri ndi a pakati pa usiku mpaka dzuwa kutuluka. Makina a sola opanda mabatire amagona nthawi yomwe dziwe likuwafuna.

Onaninso paipi yokokera madzi. Ikhale yomangidwa ku choyandama, kamwa lake lili pakati, osati pansi pamene imakoka matope, kapena pamwamba pamene imakoka ndere. Kusintha kumeneku kokha kumachepetsa kutsekeka kwa masefa.

Chachisanu: sankhani ndi kuthira mabakiteriya

Werengani chidebe musanalipire. Chizitchula mitundu ya mabakiteriya, chiwerengero chawo pa galamu, chimene amalemba kuti CFU, ndi tsiku limene mphamvu yake idzathe. Chidebe chongonena kuti ndi chinsinsi cha kampani chisiyeni pa shelefu. A ufa ndi amadzimadzi ndi oyeretsa madzi. A timibulu tomira ndi a matope, chifukwa amakafika pansi ndipo pampu siwakoka msanga. Pa dziwe limene madzi ake amasinthika pa masiku khumi, timibulu ndiye tanzeru. Sungani chidebe pamthunzi, pouma, chotsekedwa. Amadzimadzi, makamaka a Nitrosomonas ndi Nitrobacter, sachedwa kufa akakhala m'sitolo ya malata yotentha.

Nthawi yoyambira ndi pamene madzi ayamba kufunda, cha kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala, ndere zisanalande dziwe. Mabakiteriyawa amagwira bwino ntchito pa madigiri 20 mpaka 30, ndipo pansi pa 10 amangogona. Mu Juni ndi Julayi mungathe kuchepetsa mlingo kapena kupumula.

Patsikulo, tungani madzi a m'dziwe momwemo m'ndowa zoyera zimene sizinasungepo mankhwala a udzu kapena a tizilombo. Madzi a pampopi ayi, chifukwa kolorini amapha mabakiteriya. Sungunulani ufa, mutakase, musiye kwa mphindi zimene chidebe chanena. Thirani m'mawa, pampu yothirira itazimitsidwa, kuti akhale ndi tsiku lonse asanakokedwe. Yambani kumene madzi amalowera ndi pamwamba pa thovu la makina a mpweya, kutali ndi paipi ya pampu. Timibulu muwaze muli m'bwato, mochuluka pa malo amene nsungwi inaonetsa matope akuya. Opanga ambiri amati mlingo woyamba ukhale wokulirapo, kenaka wocheperapo sabata ziwiri kapena zinayi zilizonse. Tsatirani zimenezo ndipo musadumphe, chifukwa kuthira kamodzi n'kusiya sikusiyana ndi kusathira. Mvula yamphamvu ikasefukiritsa dziwe, thiraninso.

Vuto limene ambiri amagwamo ndi kopa. Mankhwala ophera ndere okhala ndi kopa, monga kopa salifeti, amaphanso mabakiteriya amene mwagula. Ngati ndere zachuluka moti simungachitire mwina, thirani mankhwalawo mbali imodzi ya dziwe, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu, kuti ndere zowola zisamalize mpweya. Dikirani masiku amene chidebe chanena, ndiye mabakiteriya atsatire kudzadya zakufazo. Kopa akamathiridwa chaka ndi chaka amaunjikana m'matope, ndipo sawola.

Za fosifolasi musayembekezere zambiri. Nayitirojeni angathe kutuluka m'dziwe ngati mpweya, koma fosifolasi alibe njira yotere. Mabakiteriya amangomusunga m'matupi mwawo, akafa n'kumubweza. Labotale ikaonetsa kuti akadali wochuluka, pamafunika zomumanga kuti akhazikike pansi, monga alamu kapena dongo la Phoslock limene linapangidwa ndi bungwe la CSIRO ku Australia. Alamu amatsitsa pH, choncho musathire popanda katswiri.

Chomaliza: bwererani ndi nsungwi ija

Fungo ndi limene limayamba kuchepa, kenaka mbale ya Secchi imayamba kuoneka pakuya, ndipo anyamata amapita ku masefa mwa apo ndi apo. Matope amachedwa. Pakatha miyezi itatu kapena inayi, pitani pa zikhomo zomwe zija ndi nsalu yoyera yatsopano, muyerekeze ndi zimene zili m'kope. Ngati bwalo lili ndi maiwe awiri ofanana, onse muwapatse mpweya koma mabakiteriya muthire limodzi lokha. Mukatero mudzadziwa ngati ntchito yagwiridwa ndi chidebe kapena ndi kompuresa, ndipo a komiti adzaona manambala.

Nyengo yonse ikatha matope osatsika, ndipo atadya kale gawo lalikulu la kuya kwa dziwe, lekani kugula. Konzekerani kuphwetsa dziwe ndi kukumba mu Juni kapena Julayi, pamene mvula yatha koma kapinga sanayambe kufuna madzi ambiri. Matope okumbidwawo muwaunjike kutali ndi mtsetse wolowera m'dziwe, ndipo ngati munkathira kopa kwa zaka zambiri, akayezedwe kaye ku labotale asanapite pa kapinga kapena m'dimba la munthu.