Mvula Yoyamba, Mphenzi ndi Madzi Osefukira: Malangizo kwa Mabanja a m'Boma la Milange

Ulosi wa nyengo tiziumva bwanji

Chaka chilichonse dzinja lisanafike, akatswiri a zanyengo a m'maiko a SADC amakumana pa msonkhano wa SARCOF, ndipo ukatha a nthambi ya zanyengo ya INAM amalengeza ulosi wa dziko lathu la Mozambique. Ulosiwo amaugawa pawiri: wa Okutobala mpaka Disembala, ndi wa Januwale mpaka Malichi. Mukamva pa wailesi ya Thumbine kuti mvula ikhala yapakatikati koma yopendekera kochuluka, kapena kochepa, dziwani kuti akunena za mvula yonse ya miyezi itatu ataiphatikiza. Sakunena tsiku limene igwe, mudzi umene igwere, kapena ukali umene ibwere nawo.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amapusitsika. Akamva kuti chaka chino n'cha El Niño ndipo mvula ichepa, amasiya denga osalimanga, ngalande osaikumba. Akuluakulu a m'tauni ya Milange akukumbukira Januwale wa 1998. Chinali chaka cha El Niño wamphamvu, ndipo chigawo chonse cha kummwera kwa Africa chinkaopa chilala. Koma ndi mwezi womwewo pamene phiri la Tumbine lidagumuka mvula itagwa yambiri, matope ndi miyala n'kutsikira pa nyumba ndi minda, anthu ambiri n'kufa. Chaka cha mvula yochepa chimakhalabe ndi usiku wake wa mvula yoopsa. Choncho ulosi wa miyezi itatu uzikuthandizani posankha mbewu ndi malo obzala. Za moyo wa ana anu muzikonzekera chaka chilichonse mofanana, ulosi unene zotani.

Boma lathu lili pakati pa mapiri. Kutsidya kwa malire kuli Mulanje, pamwamba pa tauni pali Tumbine, kummwera kuli Chiperone. Mu Okutobala ndi Novembala nthaka imatentha kwambiri, mpweya wachinyontho wochokera kunyanja ya Indian ukafika umakwera msanga m'mapirimo, ndipo pofika masana mitambo imakhala itaunjikana, yakuda pansi. N'chifukwa chake mvula yoyamba imakonda kugwa chakumadzulo, ndi mphepo, mabingu, nthawi zina ndi matalala. Imapezanso nthaka ili youma gwa, tchire litapsa, minda itasosedwa. Madzi salowa pansi, amangothamanga.

Nyumba

Chizimalupsa chikangodutsa, kwerani padenga. Mphepo ya mvula yoyamba imasasula malata poyambira m'mphepete ndi m'makona, ndiye onjezerani misomali pamenepo, ndipo mitanda muimangirire ku khoma ndi waya. Miyala ndi njerwa zosanjika padenga sizigwira malata, ndipo mphepo ikakula zimagwera anthu. Khoma la zidina limagwa chifukwa cha madzi odikha m'tsinde mwake, osati ogwa kumwamba. Kwezani khonde, likhale lotsetserekera kunja, ndipo kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba yopatutsa madzi. Koma gwirizanani ndi a nyumba yakumunsi, kuti madzi anu asakathere kukhitchini kwawo. Nthambi zouma za mango kapena bulugamu zoweramira denga zidulidwe tsopano.

Mphenzi

Mukaona kung'anima, yambani kuwerenga mpaka bingu limveke. Masekondi 3 alionse ndi mtunda wa kilomita imodzi. Bingu likamveka musanafike pa 30, mphenzi ili pafupi moti itha kufika pomwe mwaimapo, ngakhale dontho limodzi lisanagwe. Ikani khasu pansi, nyamukani. Mzere wotsalawo mudzamaliza mawa. Ndipo musatulukenso mpaka patapita mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza, chifukwa anthu ambiri amawombedwa mvula ikuyamba kapena ikutha, pamene akuganiza kuti zili kutali.

Malo oipitsitsa obisalapo ndi pansi pa mtengo woima wokha, ndipo n'komwe tonse timathamangira. Mphenzi ikawomba mtengo, mphamvu yake imatsika ndi thunthu n'kufalikira m'nthaka, ndipo yofalikirayo ndi imene imapha mbuzi kapena ng'ombe zingapo nthawi imodzi. Musamangirire ziweto pa mtengo wautali kapena pa mpanda wa waya m'miyezi imeneyi. Abusa aang'ono auzidwe momveka kuti akasiya ziweto n'kuthawira kunyumba sadzakalipiridwa. Chisakasa cha kumunda, pamwamba pa chulu, bwalo la mpira, dambo lopanda mitengo, pamtsinje pochapa, ponseponse apa n'poopsa. Pobisala pabwino ndi m'nyumba yolimba ya njerwa, monga kalasi kapena tchalitchi, kapena m'galimoto yotseka. Njinga yamoto si galimoto: wakabaza aime, atsike, alowe m'nyumba yapafupi pamodzi ndi womunyamula.

Muli m'nyumbamo musatsamire khoma lonyowa, musaime pakhomo kapena pawindo, ndipo musagwire waya wa mlongoti wa wailesi kapena wa sola. Foni ya m'manja siitana mphenzi, koma ikakhala pa chaja isiyeni. Ngati mvula yakupezani poyera ndipo pothawira palibe, tsikirani malo otsika koma opanda madzi, njutani mapazi ali pamodzi, ndipo ngati muli gulu talikiranani. Osagona pansi.

Munthu wowombedwa ndi mphenzi sasunga moto m'thupi. Mugwireni msanga. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada, ikani manja pakati pa chifuwa chake, kanikizani mwamphamvu ndi mofulumira osalekeza, wina akufuna chonyamulira kupita kuchipatala. Ena amatsitsimuka chifukwa cha thandizo la mphindi zoyambazo. Ngakhale wadzuka n'kumalankhula, apite kuchipatala ndithu.

Pali mawu ena amene tiyenera kunena poyera. Mphenzi ikapha munthu pamudzi, kawirikawiri maso amatembenukira kwa agogo ena kapena kwa amene anakangana naye malire a munda, kuti ndiwo atumiza. Ife alangizi tikuchonderera mafumu ndi abusa a mipingo kuti aletse zimenezi. Mphenzi imatsata chinthu chachitali ndi malo oyera, ndipo dera la mapiri ngati lathu limakhala nayo yambiri chaka ndi chaka. Banja lomwe lataya mwana lisawonjezere tsoka pothamangitsa nkhalamba yosalakwa.

Madzi a m'phiri

Mtsinje wa Ruo umachokera m'phiri la Mulanje, chimodzimodzi wa Muloza umene timawoloka popita kumsika wa kutsidya. Mvula itha kugwa pamwamba pa phirilo usiku wonse pamene kumunsi, monga ku Majaua, kuli nyenyezi, m'mawa n'kupeza mtsinje wadzaza. Choncho musamayang'ane kumwamba kwa mudzi wanu kokha. Yang'anani kuphiri, ndipo mverani zanyengo pa wailesi za ku Malawi monga mmene mumamvera zathu, pakuti madzi athu ambiri amayambira kwawo. Amene muli ndi abale kumtunda kwa mtsinje, gwirizanani kuti aziimba foni madzi akayamba kukwera.

Madzi othamanga ofika m'maondo amagwetsa munthu wamkulu, nanji mwana wasukulu kapena mayi wobereka khanda. Njinga yosenza matumba a chimanga imakokedwa ndi madzi pamodzi ndi mwini wake, chifukwa iye safuna kuisiya. Mtsinje ukasintha mtundu kukhala wofiira, ukayamba kutenga zinyalala ndi nthambi, musawoloke, ngakhale pa doko lomwe mwalizolowera chibadwire. Timitsinje ta m'phiri timadzaza msanga ndiponso timaphwera msanga. Kudikira maola ochepa kutsidya si kutaya tsiku. Makolo auze ana kuti mtsinje ukadzaza akhale kusukulu kapena kwa achibale a tsidya lomwelo, ndipo aphunzitsi adziwitsidwe za pangano limeneli.

Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Khwawa louma pomwe pamangidwa nyumba lero, madzi adzalifunabe, kaya patapita zaka 20. A ku Phalombe ku Malawi adaziona mu Malichi 1991 pamene Napolo adatsika m'phiri la Michesi. Tidazionanso mu Malichi 2023: namondwe Freddy atatera kachiwiri pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi, adakhuthula mvula masiku angapo ku Zambézia ndi kummwera kwa Malawi, mapiri a ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre n'kugumuka, anthu mazanamazana n'kufa. Anamondwe otere, monganso Ana wa mu Januwale 2022, amabwera dzinja litakhwima. Koma njira imene madzi awo adzadutse imaoneka kale pa mvula yoyamba. Mvula yamphamvu ikangokata, tulukani muyende mozungulira nyumba ndi munda. Onani pomwe udzu wagona, pomwe mchenga waunjikana, pomwe zinyalala zakodwa m'tsinde mwa nthochi. Pamenepo m'pamene padzadutse madzi aakulu mu Januwale, ndipo mukadali ndi nthawi yokonzapo kapena yosamukapo.

Inu okhala m'munsi mwa Tumbine ndi m'matsitso ena, dziwani zizindikiro za phiri lofuna kugumuka. Nthaka imang'ambika kumtunda, mitengo ndi mapolo zimayamba kupendekeka, kasupe wamatope amatumphuka pomwe panalibe madzi. Choopsa koposa ndi mtsinje kuphwera mwadzidzidzi mvula ikugwabe: ndiye kuti watsekeka kumtunda, ndipo ukaphulika ubwera ndi miyala. Mukamva mkokomo kuphiri usiku musayambe kulongedza. Dzutsani ana, thawirani cham'mbali kukwera mtunda, osati kutsika ndi khwawa. Mvula ya mvumbi ikafika tsiku lachiwiri kapena lachitatu osakata, kagoneni kwa abale kutali ndi phiri. Amene angakusekeni asekeni.

Sitingabise kuti phiri lopanda mitengo limagumuka msanga. Tikudziwa kuti amene amalima kapena kuwotcha makala m'matsitso amatero chifukwa cha kusowa, koma amene amakwiririka ndi a m'munsi, nthawi zambiri abale awo omwe. Nkhani imeneyi ikambidwe pabwalo la mfumu dzinja lisanakhwime.

Kumunda

Musabzale ndi mvula yoyamba chifukwa choti yagwa ndi phokoso. Mvula yamabingu ya theka la ola imanyowetsa pamwamba pokha, mbewu n'kumera, kenako n'kupsa ndi ng'amba. Kumbani ndi khasu: chinyontho chikhale chitalowa kuya kwa chikhatho chonse, ndipo mvula ikhale yagwa masiku awiri kapena atatu motsatizana. Mbewu musaithere yonse tsiku limodzi. Sungani ina m'chigubu chotseka bwino, pamalo okwera, yodzabwerezera ngati yoyamba yakokoloka.

Mizere idule chitunda, isatsike nacho. Pamalo otsetsereka ikani milambala ndipo mubzalemo vetiva. Zigwembe zitsekeni zikadali zazing'ono ndi miyala, zikhomo ndi nthochi. Mapesi musawotche, ayaleni m'munda kuti madontho asamenye dothi mwachindunji. Mizere ya mabokosi ndi yabwino posunga madzi pa mtunda, koma m'munda wodikha madzi imaoletsa mizu, choncho mvula ikachuluka tsegulani. Feteleza wobereketsa musathire mitambo itaunjikana, apo ayi ndalama zanu zithera mu Ruo. Nandolo, chinangwa ndi mbatata za kumtunda ndizo zimadyetsa banja chimanga cha kudambo chikamira, ndiye musaike chakudya chonse cha chaka m'mphepete mwa mtsinje. Za mbewu zocha msanga funsani mlangizi wa dera lanu kapena ku ofesi ya SDAE yoona za ulimi.

Chenjezo likamveka

Machenjezo a namondwe m'dziko muno ali ndi mitundu itatu. Wabuluu ndiye kuti namondwe atha kufika m'maola 24 mpaka 48, wachikasu m'maola 24, wofiira m'maola 6 kapena wafika kale. Mvula yamabingu ya Novembala nthawi zambiri ilibe chenjezo lotere, imangofika. Dziwani anthu a komiti ya ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'dera lanu, imene imagwira ntchito ndi bungwe la boma la INGD, ndipo dziwani malo okwera amene mudagwirizana kuthawirako. Ngati komiti idazilala, kauzeni amfumu kapena a secretário kuti idzutsidwe. Pakhale munthu wotchulidwa dzina amene adzanyamule gogo wosayenda, wolumala kapena mayi wodwala pakati, chifukwa usiku wa chipwirikiti aliyense amayesa kuti wina wawatenga kale.

Ziphaso za BI, makalata a kubadwa kwa ana, makadi a kusikelo, mapepala a malo ndi mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku monga ma ARV zikhale m'pepala la pulasitiki lomanga bwino, pamalo amodzi odziwika ndi onse a m'nyumba, pamodzi ndi tochi. Ndalama zina zikhale mu M-Pesa kapena e-Mola m'malo mwa pansi pa mphasa. Pothawa masulani mbuzi ndipo tsegulani khola.

Madzi akaphwera

Madzi osefukira amadutsa m'zimbudzi asanalowe m'zitsime, n'chifukwa chake kolera imatsata m'mbuyo mwake, monga idachitira ku Quelimane Freddy atadutsa. Madzi akumwa muwiritse kapena muthiremo mankhwala a Certeza motsata muyeso wolembedwa pa botolo, n'kudikira mphindi 30. Chimbudzi chikagwa kumbani china msanga, kutali ndi chitsime komanso kumunsi kwake. Wina akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, mpatseni madzi a mchere ndi shuga muli pa ulendo wa kuchipatala: lita imodzi ya madzi otetezedwa, timasupuni 6 ta shuga tosasefukira, ndi theka la kasupuni ka mchere. Musadikire kuti kuche. Zithaphwi zotsala zimaswa udzudzu, choncho neti ipite nanu kulikonse komwe mwasamukira. Musagone m'nyumba ya zidina yomwe khoma lake lamwa madzi mpaka liume ndipo mwaona kuti lilibe ming'alu, ndipo waya wa magetsi wogwa pansi musamuyandikire.

Lembetsani zowonongeka kwa mlangizi ndi kwa a komiti m'masiku oyambirira, munda ndi munda, kuti thandizo la mbewu likabwera likupezeni pa mndandanda. Ngati chimanga chakokoloka mu Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, bwerezani ndi mbewu yocha msanga ija mudasunga. Chikakokoloka mochedwa kuposa apo, bzalani mbatata, nyemba kapena khobwe, ndipo dothi limene madzi asiya m'dimba mulisungire chimanga ndi ndiwo zamasamba mvula ikamatha.