Kodi Kanema Ayenera Kunena Zonse za M'buku?

FUNSO: Akulu anga, ine ndi ana anga tinakondwera poonera The Sound of Music, koma nditawerenga buku la Maria von Trapp, ndinapeza kuti zambiri n'zosiyana. Kodi opanga kanemayu anatinyenga? Ndine mayi wa ana anayi.

YANKHO: Amayi, mtima wanu usavutike, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Bukulo, limene linatuluka mu 1949, linasandulika sewero la nyimbo la Rodgers ndi Hammerstein mu 1959, ndipo pambuyo pake, mu 1965, linakhala kanema amene Julie Andrews anasewera ngati Maria; tsono nkhani ikadzera m'manja ambiri chotere, ena akudulako ndi ena akukometsa, siingafike kwa ife monga inabadwira. Zoonadi, banja la Trapp silinakwere mapiri pothawa chipani cha Nazi, koma linachoka ku Salzburg pa sitima yapamtunda kunka ku Italy. Ndiponso Maria anakwatiwa mu 1927, osati mu 1938 pamene Germany inalanda Austria, monga kanemayo aonetsera.

Kanema wa maola atatu sangasenze mtolo wonse wa buku. Mwachitsanzo, BBC inagawa nkhani ya m'buku la Jane Austen, Pride and Prejudice, m'zigawo 6 za pa wailesi ya kanema mu 1995, kuti anthu a m'nkhaniyo aonekere mofatsa, aliyense ndi khalidwe lake.

Chotero sanakunyengeni ayi. Imbani nyimbozo ndi ana anu madzulo, koma muwawerengerenso bukulo, pakuti mbiri yeniyeni ya banjalo ili m'menemo.