PHUNZIRO KWA AKHRISTU AMALONDA: UTHENGA PA NTHAWI YAKE

Masiku ano ambiri mwa ife tidya za malonda. Wina asoka zovala, wina aweta nkhuku, wina aphika mandasi. Ngakhale magulu a amayi ndi a achinyamata m'maparishi mwathu ali ndi zogulitsa zawo zothandizira ntchito za Mpingo. Kale wamalonda ankayala katundu pamsika nadikira odutsa. Lero pali msika wina umene ukhala m'foni ya m'manja, ndiwo masamba a mchezo monga Facebook ndi WhatsApp. Akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tsono kulengeza malonda si chinthu choipa ayi. Koma tiyenera kuphunzira kulengeza pa nthawi yake, mwachoonadi, ndiponso mosalola kuti foni isanduke mbuye wathu.

1. Chifukwa chake nthawi ili yofunika

Taganizani za belu la pa tchalitchi. Likalira pa 6 koloko m'mawa, pa 12 koloko masana ndi pa 6 koloko madzulo, anthu adziwa kuti yakwana nthawi ya pemphero, pakuti analizolowera. Likadalira pakati pa usiku, kapena nthawi ili yonse imene woimba wafuna, anthu akadaleka kulisamala. Uthenga wa malonda uli chimodzimodzi.

Facebook, imene inayamba mu 2004, siionetsa uthenga wanu kwa onse okutsatirani. Makina ake amasankha zoti munthu aliyense aone, ndipo uthenga umene anthu ayamba kuuyankha ndi kuugawira anzawo ndiwo amaupititsa kwa ena ambiri. Pamenenso pafika mauthenga atsopano, akale amakwiririka. Chifukwa chake mayi amene alengeza nsomba zake pa 11 koloko usiku, ogula ali m'tulo, afanana ndi mlimi wofesa mbewu mvula isanagwe.

2. Kudziwa nthawi ya ogula anu

Palibe ola limodzi loyenera anthu onse. Mphunzitsi ndi kalaliki ayang'ana foni m'mawa asanayambe ntchito, pa nthawi ya nkhomaliro, ndiponso madzulo ataweruka. Ndalama akhala nazo mwezi ukatha. Mlimi akhala ndi ndalama atakolola ndi kugulitsa mbewu zake, kuyambira cha mu Epulo kufikira m'nyengo yachisanu. Telala wanzeru alengeza mayunifolomu mu Ogasiti, popeza chaka cha sukulu chiyamba mu Sepitembala. Ndipo zovala zoyera za ana olandira Ukaristia woyamba azilengeza patatsala milungu ingapo, kuti makolo apeze mpata wosonkhanitsa ndalama.

Kuti mudziwe nthawi ya ogula anu, tengani kope. Kwa milungu inayi tumizani mauthenga pa maola osiyanasiyana, ndipo lembani tsiku, ola, chiwerengero cha anthu amene anafunsa mtengo ndi cha amene anaguladi. Musanyengedwe ndi kuchuluka kwa tizala tosonyeza kukondwa, chifukwa tizala timeneti sitigula ufa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mwezi ukatha, kope lidzakuuzani lokha masiku ndi maola amene malonda anu amveka.

3. Kukonzeratu mauthenga

Eni ake a Facebook ali ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Meta Business Suite, yothandiza amene anatsegula tsamba la malonda pa Facebook kapena pa Instagram. M'menemo munthu alemba uthenga, aikapo chithunzi, nasankha tsiku ndi ola loti utuluke. Uthengawo usungidwa pa makompyuta a kampaniyo, kotero kuti udzatuluka pa nthawi yake ngakhale foni yanu itazima, magetsi atathima kapena bandulo itatha. Pulogalamuyi isonyezanso nthawi zimene okutsatirani amapezeka ochuluka.

Tsono patulani ola limodzi pa mlungu, monga Lolemba m'mawa, mukonzeretu mauthenga atatu kapena anayi a mlungu wonse. Uthenga uli wonse ukhale ndi chithunzi choonekera bwino, mtengo, malo amene mupezeka, ndi njira yolipirira, kaya ndi Airtel Money, Mpamba kapena ndalama za pamanja.

Ogulitsa pa WhatsApp akumbukire kuti zimene aika pa Status zizimirika pakatha maola 24. Choncho aziika pa ola limodzi lodziwika, ndipo belu la m'foni likhoza kuwakumbutsa. Palinso WhatsApp Business, imene inatuluka mu 2018. Imeneyi ili ndi uthenga wodziyankha wokha, wouza wogula mwaulemu kuti simuli pafupi ndi kuti mudzamuyankha nthawi yakutiyakuti.

4. Zoyenera kuchenjera nazo

Poyamba, makina sadziwa zimene zachitika chikonzereni uthenga. Mwina munalemba Lolemba kuti nkhuku zilipo, koma pofika Lachinayi zatha, kapena mtengo wakwera. Uthenga ukatuluka momwemo, wogula adzawononga ndalama yokwerera minibasi pachabe, ndipo inu mudzakhala mutanena bodza ngakhale simunatsegule pakamwa. Lamulo lachisanu ndi chiwiri ndi lachisanu ndi chitatu ligwira ntchito pa foni monga momwe ligwirira pamsika. Chithunzi cha katundu wa eni ake, kapena chokometsera chimene mulibe, ndicho chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chifukwa chake m'mawa uli wonse yang'anani zimene zikudikira kutuluka, mukonze kapena kufufuta zosayenera.

Chachiwiri, makina sadziwa maliro. M'mudzi mukagwa zovuta, kapena dziko likaona tsoka la madzi osefukira, imitsani mauthenga achisangalalo amene munakonzeratu. N'chamanyazi kuti anansi ali pa siwa, dzina lanu n'kumaitanira anthu malonda a phwando.

Chachitatu, makina atumiza koma sacheza ndi munthu. Sankhani ola limene mudzakhala ndi mpata woyankha, pakuti wofunsa mtengo akapanda kuyankhidwa apita kwa wina. Musachulutsenso mauthenga mpaka kutopetsa anthu. Ndipo gulu la WhatsApp la mphakati kapena la kwaya lisasanduke msika popanda chilolezo cha atsogoleri ake.

5. Chimene Mpingo uphunzitsa

Eklezia Katolika saopa zipangizo zofalitsira mauthenga. Pa 4 Disembala 1963, pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, Papa Paulo VI anatulutsa chikalata chotchedwa Inter Mirifica, chophunzitsa kuti zipangizozi zipindulitsa anthu zikagwiritsidwa bwino, koma ziwononga zikagwiritsidwa molakwika. Mu 1997 bungwe la Apapa loona zofalitsa mauthenga linalembanso za kutsatsa malonda, nilitchula mfundo zitatu: kunena zoona, kulemekeza umunthu wa aliyense, ndi kusamala ubwino wa anthu onse.

Apa ndipo pagona phindu lalikulu la kukonzeratu mauthenga. Amalonda ambiri sasiyana ndi foni: pa chakudya ili m'manja, pa kolona wa banja ili pambali, ngakhale pa Misa mtima uli pa ogula. Koma amene wakonzeratu ntchito ya mlungu wonse ali mfulu. Akhoza kuzimitsa foni polowa m'tchalitchi, kucheza ndi ana ake madzulo, ndi kukaona odwala. Ndi bwinonso kusiya tsiku Lamulungu lopanda uthenga wa malonda, chifukwa uthenga uitana mafunso, ndipo mafunso adzakubwezerani ku ntchito pa tsiku lopumula. Tili ndi chitsanzo cha Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy wodziwa makompyuta, amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, nalembedwa m'gulu la Oyera pa 7 Sepitembala 2025. Iye anagwiritsa intaneti pofalitsa za Ukaristia, koma anadziikira malire pa nthawi ya masewera a pa kompyuta.

Inu akatekisiti, nzeru yomweyi ithandiza pa ntchito yanu. Chikumbutso cha nthawi ya Misa chituluke Loweruka madzulo. Cha maphunziro a Ubatizo ndi Ulimbitso chifike makolo akadali ndi masiku okonzekera.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi ogula anu ndani, ndipo amayang'ana foni nthawi yanji?
2. Mkhristu achitenji akapeza kuti uthenga wake watuluka ndi mtengo wolakwika?
3. Ndi maola ati amene banja lanu lingapangane kuika mafoni pambali chifukwa cha pemphero ndi kucheza?