Malonda a Google Akaima pa Webusaiti Yanu

Kutsegula webusaiti masiku ano sikuvuta. Mukakhala ndi foni yabwino, bandulo ya Airtel kapena MTN, ndi mtima wofuna kulemba za ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi, basi mwayamba. Mavuto amayamba mukafuna kuti webusaitiyo izibweza ndalama ya bandulo. Njira imene anthu amathamangirako ndi AdSense, ndondomeko ya kampani ya Google imene inayamba mu 2003, yomwe imaika malonda pa masamba anu n'kumakupatsani gawo la ndalama. Posakhalitsa kumabwera uthenga wa Chingerezi: webusaiti yakanidwa, malonda achepetsedwa, kapena tsamba lakutilakuti laphwanya malamulo. Chiganizo chimene chalakwa sakuchitchula, ndipo ku Chipata kulibe ofesi yawo yoti mukadandauleko.

Kukwiya n'komveka. Mwini webusaiti amakhala ngati mlimi wa thonje amene anasaina kontirakiti: wogula ndi mmodzi, ndipo yemweyo ndiye amaika giredi ndi mtengo. Komabe zambiri mwa zimenezi zimakonzeka mukazitenga chimodzichimodzi.

Choyamba, yang'anani chinenero. Apa m'pamene olemba a kuno amagwera asanayambe n'komwe. AdSense ili ndi mndandanda wa zinenero zimene imalola. Chingerezi chilipo, Chipwitikizi cha anzathu a kutsidya kwa Chanida chilipo, koma Chichewa palibe. Lamulo lawo limaletsa kuika malondawo pa masamba amene mawu ake ambiri ali m'chinenero chosaloledwa. Choncho webusaiti yolembedwa yonse m'Chichewa ikhoza kukanidwa ngakhale nkhani zake zili zaukhondo ndi zolembedwa mwaluso.

Ena akamva zimenezi amasiya Chichewa n'kuyamba kulemba Chingerezi chokhachokha. Ine ndikuti musatero. Mlimi wa ku Sinda amene akufuna kudziwa tsiku limene a FRA atsegule msika wa chimanga akufuna kumva m'chinenero chake, ndipo owerenga otere ndiwo amabwera mobwerezabwereza. Chimene mungachite ndi kugawa webusaitiyo pawiri, chigawo cha Chichewa ndi cha Chingerezi, chilichonse ndi masamba ake. Malonda a Google muike ku chigawo cha Chingerezi kokha. Mu AdSense muli malo ochotsera masamba ena kuti malonda asamaonekepo, ndipo masamba a Chichewa muwalembetse pamenepo. Koma chigawo cha Chingerezicho chikhale chodzaza ndi nkhani zolemba nokha. Mukangotsanulira nkhani zanu m'makina omasulira, kapena kukopera za m'nyuzipepala za ku Lusaka, yankho lake lidzakhala "low value content", ndipo mudzakhala mwataya nthawi. Zomwe chigawo cha Chichewa chingadyere tizifika kumapeto.

Chachiwiri, werengani uthengawo mofatsa musanafufute kalikonse. Lowani mu akaunti yanu, mutsegule Policy center. Kuyambira mu 2017 Google imatha kuimitsa malonda pa tsamba limodzi lokha m'malo mwa webusaiti yonse, ndiye onani ngati vuto lili pa tsamba limodzi, pa webusaiti, kapena pa akaunti. Kenako musiyanitse mitundu iwiri ya malamulo. Pali zoletsedwa kotheratu: zophwanya lamulo, kuba nyimbo ndi zolemba za ena, kunyoza mtundu kapena chipembedzo cha anthu, kunamiza anthu pa za umoyo, zolaula zoonekeratu, ndi chilichonse chogwiritsa ntchito ana molakwika. Zimenezi muyenera kukonza, apo ayi akaunti ikhoza kutsekedwa. Ndiye pali zina zimene siziletsedwa koma otsatsa malonda ambiri safuna kuonekera pafupi nazo: fodya, kugulitsa mowa, njuga ya pa intaneti, mfuti, mankhwala osavomerezeka, ndi zithunzi zoopsa. Tsamba lotere limangolandira malonda ochepa kapena osalandira konse. Simunalakwe, ndipo simukakamizidwa kulichotsa.

Kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri kuno, chifukwa zambiri zimene makina a Google amakayikira ndi moyo wathu wa tsiku ndi tsiku. Ndiye chachitatu, dutsani m'nkhani zanu ndi diso limeneli.

Tiyambe ndi fodya. Ku Vubwi ndi ku Chadiza kuli mabanja amene amalipira sukulu ndi ndalama ya fodya. Nkhani yonena za nazale, magiredi ndi mitengo ya pa msika si yolimbikitsa kusuta, koma amayamba kuiwerenga ndi makina, ndipo makinawo akhoza kuiika m'gulu la fodya. Ikagwidwa choncho, isiyeni. Alimi akuifuna. Ingochotsanipo malonda a Google, ntchito ipitirire.

Ngozi za pa msewu wa Great East ndi nkhani ina. Basi ikagubuduzika pakati pa Sinda ndi Katete, zithunzi zimafika pa WhatsApp ovulala asanafike ku chipatala cha St Francis. Chithunzi cha mtembo kapena cha magazi chimachotsetsa malonda pa tsambalo, inde, koma chifukwa chachikulu chosachiikira n'chakuti womwalirayo ali ndi mayi ake, ndipo sayenera kumva za maliro a mwana wawo poona chithunzi pa foni. Lembani zimene zachitika, malo ake ndi zimene apolisi anena. Ngati chithunzi chikufunika, chikhale cha galimoto, chojambulidwa chapatali.

Pa mwambo wa Kulamba m'pofunika kuchedwapo. Loweruka lomaliza la Ogasiti, mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo nthawi imeneyo webusaiti ya ku Katete ikhoza kuwerengedwa ndi Achewa a m'maiko atatu, ngakhalenso amene ali ku Harare ndi ku Johannesburg. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, jambulani monyadira, motsatira zimene akuluakulu a mwambo alola. Koma zithunzi za anamwali muzisamale. Ambiri mwa iwo sanakwane zaka 18, ndipo lamulo la Children's Code Act la 2022 limawatenga kuti ndi ana. Chithunzi cha mtsikana wosavala kumtunda, ngakhale chijambulidwe pa mwambo, chikafika pa intaneti chimapita kwa anthu amene mwambo sakuudziwa ndipo sakuulemekeza. Musachiike, kaya pa tsambalo pali malonda kaya palibe. Apa lamulo la Google ndi ulemu wa kwathu zikugwirizana.

Asing'anga nawo amabwera ndi ndalama m'manja kuti muwalengezere. Kulemba za mankhwala achikuda ngati mbali ya chikhalidwe si mlandu. Koma kulengeza kuti wina amachiza edzi kapena khansa kumalowa m'gulu la zoletsedwa, ndipo kukhoza kuchititsa wodwala kusiya ma ARV. Kanani.

Chachinayi, mukakonza, pemphani kuti aonenso. Mu Policy center momwemo muli batani la Request review. Dinani pokhapokha mutakonzadi, kapena ngati mukutsimikiza kuti makina analakwitsa. Yankho limatha kutenga masiku angapo, ndipo kudina mobwerezabwereza sikufulumizitsa kanthu. Podikira, onani zing'onozing'ono izi: tsamba lofotokoza mmene mumasungira zinsinsi za owerenga, tsamba lonena kuti ndinu ndani ndi mmene anthu angakupezereni, ndiponso kafayilo ka ads.txt.

Chachisanu, uzani abale anu kuti asakuthandizeni podina malonda. Chimenechi chimatseketsa maakaunti mosavuta kuposa nkhani ya fodya. Mukatumiza linki m'gulu la WhatsApp la kumpingo kapena la a m'banja n'kunena kuti "dinaniko tipeze ya sopo", Google imaona kudina kochuluka kochokera kwa anthu omwewomwewo ndipo imakutenga ngati chinyengo. Imayamba yachepetsa malonda, ikhozanso kutseka akaunti n'kusunga ndalama zimene munali musanalandire. Kutsegula akaunti ina sikuthandiza, chifukwa munthu mmodzi amaloledwa imodzi yokha. Inunso musadine malonda a pa webusaiti yanu, ngakhale pofuna kungoona ngati akugwira ntchito. Amene amagulitsa "owerenga" masauzande pa Facebook muwapewe.

Chachisanu ndi chimodzi, konzekerani za malipiro nthawi ikadalipo. Mwini akaunti ayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposerapo. Ndalama zikafika madola 10, Google imatumiza kalata ya papepala yokhala ndi PIN, ndipo mumapatsidwa miyezi 4 kuti muilembe mu akaunti. Kwa wokhala ku Vubwi, kalata ya kunja siyenda msanga, ndiye perekani bokosi la ku positi limene limatsegulidwa kawirikawiri, kaya la mpingo, la sukulu, kapena la mbale wa ku Chipata, mutawapempha kaye. Malipiro amabwera ndalama zikakwana madola 100, pakati pa 21 ndi 26 mwezi wotsatira. Khalani ndi akaunti ya ku banki ya dzina lofanana ndi la pa NRC yanu, ndipo mufunse ku bankiko nambala yawo ya SWIFT. Pa ndalama zimene wotsatsa walipira kudzera ku Google, inu mumalandira pafupifupi 68 pa 100 iliyonse, ndipo otsatsa amalipira zochepa pofuna owerenga a kuno kusiyana ndi a ku Ulaya kapena ku America. Webusaiti yaing'ono ikhoza kutha miyezi yambiri isanafike pa madola 100 amenewo. Musatenge ngongole podalira ndalama imeneyi.

Dziwaninso kuti inunso muli ndi mphamvu yokana. Mu Blocking controls mungatseke malonda amene simukuwafuna, monga a zibwenzi, a njuga ndi a kulemera msanga. Ngati webusaiti yanu imawerengedwa ndi ana a sukulu ndi akuluakulu a mpingo, chitani zimenezi tsiku loyamba.

Tsopano za chigawo cha Chichewa chija. Otsatsa ake ali pafupi nanu, ndipo AdSense siletsa kukhala ndi otsatsa ena pa webusaiti yomweyo. Mawailesi monga Breeze FM ya ku Chipata akhala akulengeza malonda a amalonda a kuno m'chinenero chathu kwa zaka zambiri, ndiye msika ulipo. Tsatani nyengo. Kuyambira Okutobala mpaka Disembala pitani kwa ogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'munda ku Katete Stores ndi ku Sinda. Nthawi yokolola kambani ndi ogula soya, nsawa ndi mpendadzuwa. Ogasiti akayandikira, eni malo ogona alendo ndi a mabasi amafuna kuti opita ku Mkaika awadziwe. Popita kwa iwo tengani chiwerengero chenicheni cha owerenga anu, chochokera mu Google Analytics kapena m'makina a webusaiti yanu, osawonjezerapo. Gwirizanani mtengo wa mwezi umodzi, mulandire pa Airtel Money kapena MTN MoMo, mupereke lisiti, ndipo mukhale ndi TPIN ya ku ZRA. Pamwamba pa chilengezo chilichonse cholipiridwa lembani mawu akuti "Malonda", ndipo mumuuziretu wotsatsayo kuti ndalama yake yagula malo a chilengezo okha. Akadzagulitsa mbewu yosamera, nkhaniyo mudzailemba ndithu.