Phunziro: Sopo ndi Madzi Ochepa

Chilala cha 1992 ndi cha 2024 chinatiphunzitsa kuno ku Rufunsa kuti madzi akachepa, matenda otsegula m'mimba amachuluka, makamaka mwa ana.

Kodi sopo agwira ntchito bwanji? Sopo apangidwa ndi mafuta osakaniza ndi soda waukali kapena chidulo champhamvu. Kanthu kakang'ono kalikonse ka sopo kali ndi mbali ziwiri: ina igwira mafuta, ina igwira madzi. Litsiro ndi tizilombo zimamatira ku mafuta a pakhungu, ndipo madzi okha alephera kuzichotsa. Sopo azinyamula, madzi nazitenga.

Chitani izi:

1. Boolani chigubu, muchipachike pafupi ndi chimbudzi, sopo mummangirire pachingwe.
2. Tikitani manja masekondi 20 musanatsukuluze.
3. Musasambe m'manja nonse m'beseni imodzi. Thiriranani madzi.
4. Sopo akasowa, phulusa loyera la nkhuni lithandiza.
5. Soda waukali awotcha khungu ndi maso. Musungeni patali ndi ana.

Funso lokambirana: Pa maliro ndi pa misonkhano ya Chigwirizano, ndani mumpingo mwanu ayang'anira zosamba m'manja?