Musanasaine: zoyenera kuganizira pochita lendi nyumba mukafika ku Canada

Phunziro lino ndalembera abale ndi alongo a ku Dzaleka amene akukonzekera ulendo wa ku Canada, kaya mwatengedwa ndi boma, ndi gulu la anthu odzipereka kukuthandizani, kapena ndi pulogalamu ya ophunzira ya WUSC. Inenso ndinakulira mu kampu momwemo. Pano ndimakhala mumzinda wa Ottawa, m'chigawo cha Ontario, ndipo ndimaperekeza mabanja ongofika kumene akamafunafuna nyumba. Dziwani kuti sindikunena zochita lendi ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Malamulo a Malawi amafuna kuti othawa kwawo azikhala mu kampu, ndipo tonse tikukumbuka kuti mu 2023 boma linabweza ku Dzaleka anthu amene ankakhala m'matauni.

Ngati mungaiwale zina zonse, gwirani mfundo imodzi iyi: sankhani nyumba imene mudzakwanitse kulipira m'mwezi wa 13.

Chifukwa chiyani mwezi wa 13?

Mukafika, mumayamba mwakhala pamalo ongoyembekezera, ndipo bungwe kapena gulu limene lakulandirani limakuthandizani kupeza nyumba yokhazikika. Thandizo la ndalama limene mumalandira mwezi ndi mwezi nthawi zambiri limatha pakatha miyezi 12. Nthawi yomweyo ndi imenenso ambiri amayamba kubweza ngongole ya tikiti ya ndege imene boma la Canada linawabwereketsa. Ngongoleyi ilibe chiwongoladzanja, koma kubweza kumayamba pakatha chaka chimodzi chifikireni.

Pamwamba pa izi, mgwirizano wa lendi nthawi zambiri umakhala wa chaka chathunthu, ndipo mumasaina patapita masabata angapo mutafika. Ndiye kuti thandizo lidzatha mgwirizanowo usanathe, lendi ikufunikabe.

Tiyeni tiwerengetse. Pa 1 Okutobala 2025, malipiro otsikitsitsa ku Ontario anafika madola 17.60 pa ola. Munthu wogwira ntchito maola 40 pa sabata amapeza pafupifupi madola 3,050 pamwezi asanadule msonkho. Ku Canada amati nyumba ndi yokwanitsika ngati ikudya ndalama zosafika 30 pa 100 iliyonse ya zimene banja limapeza, ndiye kwa munthu ameneyu ndi madola pafupifupi 915. M'mizinda ikuluikulu monga Toronto ndi Ottawa n'kovuta kupeza fulati yonse pamtengo umenewo, n'chifukwa chake osakwatira ambiri amakhala awiri kapena atatu. Wosowa ntchito atha kupempha thandizo la boma la Ontario Works, koma mu 2025 munthu mmodzi amalandira madola osaposa 733 pamwezi, lendi ndi chakudya momwemo.

Choncho nyumba ikakusangalatsani, dzifunseni kuti: thandizo likadzatha, m'banja lathu ndani adzakhale akugwira ntchito, ndipo adzapeza zingati?

Funsani zimene zili mu lendi

Mtengo umene mwauona pachikwangwani kapena pa intaneti nthawi zina umakhala wa makoma ndi denga basi. Funsani ngati magetsi, madzi ndi kutenthetsa nyumba zili momwemo. Ku Ontario mukamva akuti hydro, akunena magetsi, osati madzi. Kutenthetsa nyumba musakutenge mopepuka. Kuzizira kwa ku Dowa mu Juni ndi masewera poyerekeza ndi Januwale wa ku Ottawa, pamene masiku ena kumazizira kupitirira madigiri 20 pansi pa ziro. Ngati nyumba imatenthetsedwa ndi magetsi ndipo bilu mumalipira nokha, funsani kuti okhalamo akale ankalipira zingati m'miyezi yozizira. Nyumba yooneka yotchipa imatha kudula kuposa inzake mukaphatikiza bilu imeneyi.

Onjezaninso intaneti, foni, ndalama za makina ochapira, inshulansi ya katundu ngati mgwirizano ukufuna, ndiponso khadi la basi la aliyense m'banjamo. Onani kutalika kwa nyumbayo ndi siteji ya basi, sukulu ya ana, sukulu yanu ya Chingerezi, ndi golosale yotchipa. Mtunda umene mumauyenda mukuseka ku Dzaleka umasanduka wina mukanyamula mwana ndi majumbo m'chipale chofewa.

Kaioneni ndi maso anu

Musatumize ndalama ya nyumba imene simunalowemo. Pa Facebook ndi pa Kijiji pamapezeka nyumba zenizeni, komanso pamapezeka akuba amene amaika zithunzi za nyumba za eni. Amanena kuti ali kunja kwa dziko, kuti ofuna nyumbayo ndi ambiri, ndipo kuti mutumize ndalama msanga adzakutumizirani makiyi. Munthu wokufulumizitsani chonchi mukayikireni.

Popita kukaona nyumba, tengani wa bungwe lokulandirani kapena mnzanu wodziwa mzindawo. Tsegulani mipope muone ngati madzi otentha akutuluka. Gejemulani kuchimbudzi, yatsani chitofu, tsegulani firiji, yesani maloko ndi mawindo. Suzumirani m'makabati ndi m'makona ngati mulibe mphemvu kapena nsikidzi, ndipo onani ngati makoma alibe chinyezi. Zipinda za pansi pa nthaka zimatchipa, koma onetsetsani kuti zili ndi windo kapena khomo lothawira moto ukabuka. Ma alamu a utsi ndi udindo wa mwininyumba, ndipo ayenera kukhala ogwira ntchito. Ndikuchenjezeninso kuti mbaula ya makala siloŵa m'nyumba za kuno. Nyumbazi n'zotsekeka kwambiri, ndipo mpweya wa makala umapha anthu ali m'tulo.

Tsiku loloŵa, jambulani zithunzi za chilichonse chimene mwachipeza chowonongeka, kuti asadzakunamizireni potuluka.

Ndalama zoyambira

Chigawo chilichonse cha Canada chili ndi malamulo akeake a lendi. Ku Ontario mwininyumba amaloledwa kutenga lendi ya mwezi woyamba ndi dipoziti yosaposa lendi ya mwezi umodzi. Dipozitiyo ndi yolipirira mwezi wanu womaliza basi. Dipoziti ya zinthu zimene mwina mudzawononga ndi yoletsedwa. Ya makiyi amaloledwa, koma isapose mtengo wodulitsira makiyiwo, ndipo imabwezedwa. Ku British Columbia dipoziti siposa theka la lendi ya mwezi, ku Alberta siposa mwezi umodzi, pamene ku Quebec mwininyumba saloledwa kukakamiza dipoziti. Mukadziwa chigawo chimene mukupita, funsani lamulo la kumeneko.

Ndalama iliyonse mukapereka, tengani lisiti. Ku Ontario lamulo limati mwininyumba akupatseni lisiti kwaulere mukapempha.

Mgwirizano wolembedwa

Kwathu tinazolowera kupangana pakamwa n'kugwirana chanza. Kuno mkangano ukabuka, amene amamveka ndi wonyamula pepala. Mgwirizano wa lendi amautcha lease, ndipo kuyambira pa 30 Epulo 2018 eninyumba ambiri ku Ontario ayenera kugwiritsa ntchito fomu imodzi yopangidwa ndi boma. Imakhala m'Chingerezi kapena m'Chifalansa. Ngati simukumva bwino, pemphani womasulira, ndipo musachite manyazi. Safunsa anadya phula.

Onetsetsani kuti mwalembedwa dzina la mwininyumba ndi kumene angapezeke, mtengo wa lendi, tsiku lolipira, zimene zili mu lendi, ndiponso tsiku loyamba ndi lomaliza. Chilichonse chimene walonjeza, monga kupenta kapena kukonza chitofu, chilembedwe. Mukasaina, ayenera kukupatsani kope lanu pasanathe masiku 21.

Funsaninso funso ili, limene ambiri saliganizira: kodi anthu anayamba liti kukhala m'nyumbayi? Ku Ontario lendi imakwera kamodzi pa miyezi 12, mutapatsidwa kalata masiku 90 isanakwere, ndipo boma limaika malire chaka chilichonse. Mu 2024 ndi 2025 malirewo anali 2.5 pa 100 iliyonse. Koma nyumba zimene anthu anayamba kukhalamo pambuyo pa 15 Novembala 2018 zilibe malire amenewa. Mwini wake atha kukweza mmene wafunira chaka chikatha, nthawi yomwe thandizo lanu latha kale. Fulati yatsopano yonyezimira ikhoza kukhala msampha wa mwezi wa 13.

Chaka chikatha simukakamizidwa kusamuka kapena kusaina wina. Mgwirizanowo umapitirira wokha mwezi ndi mwezi. Mukafuna kutuluka, mumapereka chidziwitso cholembedwa masiku 60 lisanafike tsikulo. Kuchoka chaka chisanathe popanda kugwirizana ndi mwininyumba kungakusiyireni ngongole.

Kukhala ndi anzanu kapena ndi mwininyumba

Ngati mwasaina mgwirizano umodzi anthu atatu, mmodzi akathawa, otsalanu mutha kufunsidwa lendi yonse. Musasaine ndi munthu chifukwa choti munakwera naye ndege imodzi. Kambiranani poyera za mabilu, chakudya, alendo ndi ukhondo, ndipo zilembeni.

Samalaninso ndi chipinda cha m'nyumba imene mwini wake akukhalamo. Ngati mukugwiritsa ntchito khitchini kapena bafa limodzi ndi mwininyumba kapena banja lake, lamulo la lendi la Ontario silikutetezani. Chipinda chotere chimatchipa, koma kukutulutsani n'kosavuta.

Mabanja aakulu, nenani zoona za chiwerengero cha ana. Mizinda ili ndi malamulo oletsa kuthithikana, ndipo kuchulukitsa anthu kuposa mlingo kungakuchotsetseni m'nyumba.

Ufulu wanu

Mukafika ku Canada kudzera m'njira zimenezi mumakhala ndi chilolezo chokhala mokhazikika m'dzikomo, ndipo lamulo la lendi limakutetezani mofanana ndi wina aliyense. Ku Ontario n'kulakwira lamulo kukukanizani nyumba chifukwa cha khungu, dziko lochokera, chipembedzo, kukhala ndi ana, kapena kulandira thandizo la boma. Eninyumba amakonda kufunsa mbiri ya mmene mumabwezera ngongole. Inu simudzakhala nayo, ndipo kusakhala nayo sikutanthauza kuti ndi yoipa. Tengani kalata ya bungwe kapena gulu lokuthandizani yosonyeza ndalama zimene mumalandira.

Mwininyumba saloŵa m'nyumba mwanu mwachisawawa. Amapereka kalata maola 24 asanabwere, ndipo amabwera pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 8 koloko madzulo, pokhapokha pakagwa zadzidzidzi. Saloledwa kukudulirani madzi, magetsi kapena kutentha, ngakhale muli ndi ngongole. Sangasinthe maloko kapena kukutayirani katundu panja. Kalata yake yokuuzani kuti mutuluke si chigamulo. Woweruza nkhani za lendi ndi bungwe la Landlord and Tenant Board, ndipo inunso mumapatsidwa mpata wolankhula.

Ufulu umayenda ndi udindo. Lipirani lendi yonse pa tsiku lake, sungani ukhondo, ndipo pewani phokoso usiku. Chinthu chikawonongeka, lemberani mwininyumba ndipo sungani kope. Musasiye kulipira lendi pofuna kumukakamiza kukonza, chifukwa mlandu umatembenukira inu.

Zikavuta, musakhale chete. Uzani bungwe lokulandirani mwamsanga, ngongole isanakule. Nambala ya 211 ndi yaulere, ndipo amakulozerani kumene kuli thandizo m'dera lanu. Ku Ontario kulinso maofesi a zamalamulo othandiza anthu opeza zochepa popanda malipiro.

Mafunso oti mukambirane pabanja musananyamuke

1. Thandizo likadzatha, ndani mwa ife adzakhale pantchito, ndipo lendi yokwanitsika idzakhala zingati?
2. Pa nyumba yaikulu yakutali ndi yaing'ono yapafupi ndi basi ndi sukulu, tingasankhe iti?
3. Ndani adzatiwerengere mgwirizano tisanasaine?
4. Ndani m'banja lathu azidzasunga malisiti, makalata ndi zithunzi?

Mayankho ake muwalembe m'kope, ndipo kopelo muliike pamodzi ndi mapepala anu a ulendo.