Phunziro 9: Chitsulo nachonso chimatopa

Mphunzitsi mnzanga, tengani kawaya. Mukakapinda kamodzi sikathyoka. Kapindeni uku ndi uku kangapo, muona kathyoka, chonsecho simunaonjezere mphamvu, mwangobwereza. Akatswiri amati chitsulocho chatopa. August Wöhler, injiniya wa ku Germany, anafufuza zimenezi m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860 chifukwa zitsulo zogwira mateyala a sitima za pamtunda zinkathyoka mosayembekezereka.

Nkhaniyi si yachilendo kwa ophunzira anu kuno ku Midlands. Ambiri ndi ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi. Amaudziwa mwala wa chrome wa ku Shurugwi, ndipo ena makolo awo anausungunulapo m'ng'anjo za Zimasco ku Kwekwe kapena za Zimbabwe Alloys kuno ku Gweru. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti chitsulo chimene dokotala amamangira fupa lothyoka, cha mtundu wa 316L, chili ndi chrome wokwana magawo 17 mpaka 19 pa 100 alionse. Chrome akakumana ndi mpweya amapanga kakhungu kosaoneka ndi maso kamene kamatchinga dzimbiri.

Tsono m'thupi si mosewera ayi. Muli madzi amchere, ndipo munthu amaponda koposa miliyoni imodzi pa chaka. Akaponda, chitsulo chimapindika pang'ono; akanyamula mwendo, chimabwerera. Mng'alu umayambira pamwamba pa chitsulo, nthawi zambiri pamene pakandika kapena m'mphepete mwa bowo la sikuluwu, kenako umalowa mkati pang'onopang'ono. N'chifukwa chake opanga zitsulozi amalimbana kwambiri ndi pamwambapo.

Choyamba amapasalaza mpaka kuwala ngati galasi, kuti mng'alu usowe poyambira, ndipo amaviika chitsulocho mu asidi kuti kakhungu kaja kakhale kokwanira ponseponse. Koma njira imene imandichititsa chidwi ine ndi imene amati shot peening. Amachiwomba ndi timipira ting'onoting'ono tambirimbiri, ngati matalala pa denga la malata. Kampira kalikonse kamasiya kadzenje, ndipo pamwamba ponse pamakhala popanikizika. Mng'alu umakula chitsulo chikamakokedwa. Pamalo opanikizika umavutika kutseguka. Ophunzira amadabwa: kumenya chitsulo kuti chilimbe? Akumbutseni wosula makasu ndi nyundo yake.

Pali vuto limodzi. Chitsulo cha m'chiuno chimene chikakhale m'thupi moyo wonse, monga cha titanium, amachipanga chokhakhala mwadala kuti fupa limere n'kuchigwira. Koma kukhakhalako ndi kumenenso mng'alu umakonda. Wopanga ayenera kusankha pati pasalale, pati pakhakhale.

Ngakhale chitsulo chikonzedwe bwino chotani, chomangira fupa lothyoka chimangogwirizira podikira kuti fupalo lilumikizane. Fupa likachedwa kupola, kapena bambo akataya ndodo msanga n'kubwerera kumgodi chifukwa ana alibe chakudya, katundu yense amagwera chitsulo, ndipo chingathe kuthyokera mkati. Apo ndiye opaleshoni yachiwiri. Fodya nayenso amachedwetsa fupa kupola. Muwauze ophunzira anu achikulire mosapita m'mbali.

Ntchito: Patsani gulu lililonse mawaya awiri ofanana. Mmodzi amukande ndi fayilo. Apinde onse mofanana, akuwerenga mokweza, ndipo alembe manambala pa bolodi. Ndi waya uti wathyoka msanga, ndipo wathyokera pati? Tumizani zotsatira pamodzi ndi mayankho a gawo lino.